Dzanja Lozizira la Mwamuna wa Nakayange

Ku Misuku mukafunsa za Sylvia anthu amangoyang'anizana, chifukwa dzina limenelo linatsalira kusukulu. Koma mukati Nakayange, ngakhale wa njinga yamoto amakulozerani kanyumba ka malata kali kumunsi kwa msewu, pakati pa nthochi ndi khofi. Ndi mayi uja amamanga zitenje ziwiri m'chiuno ngakhale mu Okutobala, amene pamaliro akazi anzake akaunjikana pamoto iye amakakhala patali n'kumati utsi umamuwawa m'maso. Anthu anazolowera kumukhulupirira, koma nkhani si utsi.

Pa utsikana wake Nakayange anali ndi chiuno chimene chinkaiwalitsa oimba ng'oma kuti ali pa ntchito. Akalowa m'bwalo kukavina mwinoghe, woliza wezulo ankasokoneza kaimbidwe, ndipo mwini wakeyo ankadziwa, osabisanso kuti akudziwa. Gilbert Mbughi sankavina. Miyendo yake inali yokwerera mapiri ndi thumba la khofi paphewa basi. Ankaima kumbuyo kwa anthu, manja m'thumba, kukamwa tseke. Anamufunsira ndi mawu ochepa kwambiri moti Nakayange mpaka lero amati sakumbuka ngati anafunsiridwa kapena anangouzidwa tsiku lomwe ng'ombe zidzafike kwa bambo ake.

Linali banja la anthu awiri ouma mitu, ndipo mawu oti pepani onse awiri ankawamva kuwawa pakhosi. Mkangano wawo woyamba unali wa nthochi. Nakayange anabwera ndi mphukira ya nthochi kuchokera kwa amayi ake, n'kuibzala m'mphepete mwa munda. Itakula, Gilbert anaigwetsa ndi chikwanje osafunsa, poti inkaphimba khofi wake wamng'ono. Mkazi anasiya kulankhula. Mwamuna, amene kale lomwe sankalankhula, anangopitiriza. Mbalagha, nthochi zophika ndi nyama zija, inkabwera yopanda mchere, Gilbert n'kumadya yonse mpaka kunyambita mbale kuti asaoneke wogonja.

Tsono m'mawa wina wa mu Juni, nkhungu itatseka phiri, Nakayange ali chigonere choyang'ana kukhoma, anangomva chinthu chozizira chatera pamimba pake. Manja a Gilbert ankazizira ngati khasu logona panja. Mkazi anakuwa, anatukwana m'Chisukwa mawu amene sayenera kulembedwa, kenako anaphulika ndi phwete. Dzanja lija sanalikankhe. Analiphimba ndi lake, n'kuligwira pomwepo mpaka litafunda. Tsiku limenelo mbalagha inali ndi mchere.

Kuyambira pamenepo kupepesana kwawo kunali kumeneko. Gilbert akalakwa, kapena akangofuna kudziwa ngati m'nyumba muli mtendere, kukamacha ankayika dzanja pamimba pa mkazi wake. Zala zinkakhudza mikanda ya m'chiuno, mikanda n'kukoka pang'ono mpaka kumsana, ndipo ngakhale Nakayange akhale m'tulo totani ankadziwa kuti funso lafika. Akaliphimba ndi lake, ndiye kuti nkhani yatha. Akalisiya lokha, Gilbert ankadzuka, kukasenza manyazi ake tsiku lonse, n'kudzayesanso mawa. Analera Uchizi ndi ang'ono ake awiri, anachotsa udzu padenga n'kukhoma malata, anaika m'manda makolo a mbali zonse, osapitako kwa ankhoswe ngakhale kamodzi. Anzawo ankati ndi banja lopanda mikangano. Mikangano inalipo yambiri, kungoti sinkafika masana.

Matenda anabwera Nakayange atapitirira zaka makumi anayi. Kusamba kunayamba kutalika, magazi osaleka, mimba n'kumatupa ngati ya munthu woyembekezera. Anzake ankamuseka pamtsinje kuti ukalamba uno akufunanso kuchapa matewera, iye n'kumaseka nawo, uku akugwirira mwala kuti chizungulire chisamugwetse. Kuchipatala chaching'ono cha kwawo anamuuza kuti m'chiberekero muli zotupa, apite kuchipatala chachikulu asachedwe. Koma unali mwezi umene khofi amayamba kufiira.

"Khofi akapsa sadikira munthu, anyina Uchizi," anatero Gilbert, akuyang'ana kumunda osati kwa iye. "Tithyole kaye. Tikamaliza tipita."

Nakayange anavomera ndi mtima wonse. Akanakhala kuti mwamuna wake sananene, akananena yekha. Ndani wa ku Misuku angasiye khofi wofiira pamtengo kuti akagone pabedi la chipatala? Koma paja pakadafunda padajiwitsa. Khofi asanathe, Nakayange anagwa m'munda masana, beseni n'kugubuduka kutsetsereka ndi phiri, khofi ali mbwee m'mizere yonse. Anamunyamula pa machira a bulangete ndi mitengo iwiri kukwera kanjira ka kumsewu. Amuna enawo ankalandirana, koma Gilbert anakana kulandiridwa mpaka pagalimoto.

Madokotala anamupulumutsa. Anachotsa chiberekero pamodzi ndi zotupa zake, ndipo popeza thupi linali litatheratu magazi, chilonda chinavuta kupola, anachita kuchisokanso. Mikanda anaidula asanalowe naye m'chipinda cha opaleshoni. Namwino wina wachifundo anaitolera yonse m'kapepala ka pulasitiki ka mankhwala n'kumupatsa atatsitsimuka. Atafika kunyumba Nakayange anaithira m'kachitini ka mafuta odzola, n'kukakankhira kunsi kwa bedi.

Bandeji itachoka, anatenga kagalasi kometera ndevu ka Gilbert n'kulowa nako kubafa. Akanadziwa akanakasiya. Kuchokera pamchombo kutsika panali mzere wakuda, wotupa, wokhotakhota ngati msoko wa thumba la feteleza losokedwa mothamanga. Mchombo unali utakokekera kumanzere. Kumunsi kwake nyama inkalendewera mbali imodzi, ina itaphwa. Anayang'ana nthawi yaitali, kufunafuna mtsikana wa mwinoghe uja, osamupeza. Analira mosatulutsa mawu, chifukwa bafa la udzu silisunga chinsinsi.

Koma chimene chinamuopsa kwambiri chinabwera pothira madzi. Anawamva paphewa, anawamva pachifuwa, kenako anasowa, n'kudzawamvanso pantchafu. Anathiranso, zomwezo. Anadzitsina pansi pa mchombo, ndipo zala zinamva kuti zagwira nyama, koma nyamayo sinamve zala. Malo aakulu ngati zikhatho ziwiri, mbali zonse za chipsera, anali ngati a munthu wina. Atapita kukaonetsa chilonda anafunsa monong'ona, ndipo dokotala anamufotokozera bwinobwino kuti timitsempha ta pakhungu timaduka pong'amba, kwa ena timadzuka pakapita miyezi, kwa ena ayi. Gilbert anali panja, atakhala pabenchi ndi chikwama cha mkazi wake pamiyendo. Atafunsa kuti adokotala ati bwanji, Nakayange anati chilonda chikupola bwino.

Sabata yomweyo ali kukhitchini, khala lamoto linathetheka n'kugwera pachitenje chake. Anayamba wamva fungo la nsalu yopsa, n'kumayang'ana uku ndi uku kuti ndani wasiya chiguduli pamoto. Pomwe ankazindikira, chitenje chinali chitabooka ndipo pamimba panali thuza lalikulu. Sanamve kanthu ngakhale pang'ono. Anadzola mafuta, anamanga chitenje chachiwiri pamwamba pa choyamba, ndipo kuyambira tsiku limenelo moto anayamba kuuopa.

N'chifukwa chiyani sanamuuze mwamuna wake? Funso limeneli ndi lophweka kwa amene sanakhalepo pakati pa akazi akusankha khofi pathandala. Tsiku lina Nakayange atangoyamba kutuluka, mayi wina ankasimba za mkazi wa kumudzi wina amene anachotsedwa chiberekero. Akuti mwamuna wake ankauza anzake kumowa kuti kugona ndi mkazi wotero kuli ngati kugona ndi mtembo. Akazi anaseka, kenako wina anatsina mnzake, onse n'kugwetsa maso pa khofi. Nakayange anapitiriza kutola njere zoola ngati sanamve. Koma mumtima anati, chiberekero chapita, mimba yapindika, ndiye ndikawonjezerenso ndi pakamwa panga kuti mbali ina ya thupi langa inafa kale? Analumbira kuti zimenezo adzapita nazo kumanda. Wobisa matenda maliro amamuulula, akuluakulu ananena, koma munthu wamanyazi miyambi saimva.

Chimene ankafuna chinali chimodzi chokha, dzanja lija. Osati zambiri ayi. Dzanja lozizira lija litangotera pamimba yoipayo m'mawa umodzi, akanadziwa kuti akadali mkazi wa Gilbert osati wodwala wake. Ankagona atamanga zitenje zake ziwiri, choyang'ana kukhoma monga kale, ndipo tambala akalira ankakhala ali maso kale, zikope zili chitsekere, akudikira. Ankamva Gilbert akutembenuka. Ankamva bulangete likutukuka pang'ono. Ankagwira mpweya. Kenako zii, palibe chozizira, palibe chofunda. Pakapita kanthawi bulangete linkagweranso, Gilbert n'kuusa moyo, kudzuka, kutenga khasu lake n'kutuluka.

Ndiye kuti akufuna koma zikumukanika, ankaganiza choncho Nakayange. Dzanja likumafika panjira n'kukumbukira zimene likukagwira, n'kubwerera. Mimbayi anaiona tsiku lina posintha bandeji, ndipo inamunyansa. Maganizo amenewa ankamupweteka kuposa mpeni wa dokotala, chifukwa pa mpeni anali atagonekedwa tulo.

Masana Gilbert anasanduka munthu wina. Ankatunga madzi, ankawaza nkhuni, tsiku lina anapezeka akuchapa mabulangete pamtsinje amuna anzake akumuseka pamlatho. Mkazi wina akanathokoza Mulungu. Nakayange ankaona chisoni chokhachokha, chisoni chimene munthu amachitira mbuzi yothyoka mwendo, ndipo chinkamupsetsa mtima.

"Siyani ndowa yanga," anamulanda tsiku lina. "Sindinafe ine."

Gilbert anasiya ndowa, anayang'ana pansi, n'kupita kumunda. Mvula inabwera, inagwa miyezi yake yonse mpaka misewu inadukaduka, inatha. Khofi anachita maluwa, anabereka, anafiiranso. M'mawa uliwonse bulangete linkatukuka n'kugweranso. Awiriwo ankalankhulana za mbuzi, za fizi ya ana, za yemwe wamwalira kutsidya, ndipo aliyense ankaonda payekha.

Khofi wa chaka chimenecho atatha, Gilbert anati msuweni wake akumanga nyumba ku Lufita, kufupi ndi ku Boma, ndipo akufuna womuthandiza kuumba njerwa. Nakayange anamulongedzera zovala, nyemba ndi nthochi, osafunsa kuti abwera liti. Poyamba ankabwera mwezi ukatha. Kenako ankatumiza sopo ndi shuga kudzera kwa a njinga zamoto. Nyumba ya msuweni inatha, anthu analowamo, koma njerwa za Gilbert sizinkatha.

Amene anabweretsa nkhani anali Evelyn, mlongo wake wa Gilbert, mayi wosadziwa kuzungulira. Anafika Nakayange akusenda chinangwa pakhonde.

"Mwaghona, mlamu."

"Ena, mwaghona. Khalani apa."

Evelyn sanakhale. "Ine bodza yayi, mlamu. Kuli bwino mumve kwa ine kusiyana n'kukamva kumsika. Achimwene ali ndi munthu ku Lufita. Dzina lake Thandiwe, wamasiye, amagulitsa tomato. Akwawo alandira kale zoyenera. Ndipo ndi woyembekezera."

Mpeni sunaime. Nakayange anamaliza chinangwa chimene chinali m'manja, anatenga china, n'kufunsa ngati Thandiweyo amadziwa kuti Gilbert sadya nyemba zothira tomato wambiri. Evelyn anamuyang'ana modabwa, n'kunena kuti mtima wa mlamu wake ndi mwala ndithu. Atachoka, Nakayange analowa m'munda wa nthochi, kumene kulibe njira ya anthu, ndipo anakalira kumeneko mpaka mawu anasasa. Sanadabwe, ndipo chimenecho ndicho chinkawawa kwambiri. Zimene ankaopa zija zinali zitangovala nsapato n'kufika pakhomo.

Gilbert anabwera yekha patapita miyezi, pakuti mwambo umafuna kuti mkazi wamkulu auzidwe ndi pakamwa pa mwamuna wake. Linali tsiku la msika, dzuwa lili paliwombo. Nakayange anamva njinga yamoto ikuima kumsewu, ndipo sanaimve ikuchoka. Anadziwa kuti mlendoyo wauza woyendetsa kuti adikire. Anamuona akutsika kanjira, atavala malaya amene iye sanawachapepo, tsitsi litachita imvi m'mbali. Anamulandira ngati mlendo, anamupatsa mpando m'nyumba, iye n'kukhala pamphasa pafupi ndi chitseko.

Gilbert ananena zimene anabwerera m'mawu ake ochepa aja. Anati Thandiwe ali kale kuchipatala, kunyumba yodikirira amayi, masiku ake akwana. Anati munda wa khofi ndi nyumba ino ndi za Nakayange ndi ana, palibe adzazikhudze. Anati azibwera. Atatha anayamba kuzunguza chipewa m'manja.

Nakayange anali atakonza zoti angoti yewo, ndamva, n'kumuperekeza mwaulemu. Koma pakamwa panamuthawa.

"Awiske Uchizi, chinthu chimodzi chokha. Ndinu mfulu, pitani. Koma nenani ndi pakamwa panu kuti ndigone nazo. Mimba yangayi inakunyansani."

Gilbert anakweza mutu. "Kundinyansa?"

"Musandinamize, ndakula. Chibwerere kuchipatala simunandikhudzepo. Ndinkakumvani mukutukula bulangete, dzanja n'kubwerera panjira. Mukanangotseka maso n'kuyika kamodzi kokha, ine ndikanakhuta."

Chipewa chinaleka kuzungulira. Gilbert anamuyang'ana ngati munthu amene wauzidwa kuti phiri lasamuka.

"Anyina Uchizi, mukuti chiyani? Ine dzanja ndinkayika. M'mawa uliwonse ndinkayika, kuyambira pomwe bandeji inachoka mpaka tsiku lomwe ndinakwera njinga ya ku Lufita. Ndinu simunalitenge."

"Bodza."

"Chiuta ndi mboni. Ndinkaopa chilonda, ndiye ndinkakweza mkono kuti ndisakulemereni, n'kuyika chikhatho chokha pang'onopang'ono, ngati ndikuyika dzira m'dengu. Pamwamba pa zitenje zanu zija. Ndinkadziwa kuti muli maso, mpweya wanu ndimaudziwa. Ndinkadikira, inu duu." Mawu anayamba kumuthothoka ngati sanakhalepo wosalankhula. "Dokotala anandiimika pakhonde tsiku la opaleshoni lija. Anati mukanabwera naye msanga sizikanafika apa. Ndine ndinati tithyole kaye khofi. Ndine ndinakupherani chiberekero, pang'ono n'kukupherani moyo. Mikanda munaitaya kunsi kwa bedi, ndowa munandilanda. Ndinati mayi uyu sadzandikhululukira, ndipo akulondola. Mvula yonse ija ndinapepesa, chisanu chonse. Munthu amatopa, anyina Uchizi. Ndinatopa kukanidwa kusanache."

Nakayange anamva m'makutu muli ziii. Za khofi sanaziganizepo ngakhale tsiku limodzi kuti ndi mlandu. Ndiye anaimirira, anakankha chitseko, n'kumasula chitenje choyamba, kenako chachiwiri, masanasana, chinthu chimene sanachitepo pamaso pa mwamuna wake chibwerere kuchipatala. Anakweza bulauzi. Mzere wakuda uja unali pomwepo, mchombo wokhota uja, ndi chipsera china chozungulira, chotuwa, chimene Gilbert sankachidziwa.

"Ichi ndi cha moto," anatero. "Ndinamva fungo lokha."

Anachotsa phini imene inkagwira bulauzi yake, anaitsegula, n'kuibaya pansi pa mchombo. Gilbert anadzidzimuka, anatambasula dzanja kuti amuletse. Kadontho ka magazi kanatuluka n'kuyamba kutsika. Nkhope ya Nakayange sinagwedezeke.

"Kuyambira apa mpaka apa, palibe. Madzi sindiwamva, moto sindiumva. Dzanja lanu ndikanalimva bwanji? Ndinkaopa kukuuzani. Ndinkati mudzati ndine mtembo."

Mwamuna amene anakwera phiri ndi machira osalandiridwa uja anatsetsereka pampando n'kugwada pansi. Analira mokweza, moipa, ngati mwana wotayika pamsika, akungoti mwe, mwe, anyina Uchizi, mwe. Nakayange anali asanamuonepo akulira, ngakhale pamaliro a amayi ake. Iyenso misozi inkangoyenda. Panalibe woti amukwiyire, ndipo zimenezi zinkapweteka kuposa kukhala ndi mdani. Miyezi yonse ija anagona bulangete limodzi, wina akupepesa, wina akudikira kupepesedwa mlandu umene sankaudziwa n'komwe, ndipo chimene chikanawapulumutsa chinali kungotsegula maso n'kuyang'ana pamimba.

Gilbert anapukuta dzanja pathalauza. Analikweza pang'onopang'ono n'kuliyika pachipsera penipeni, chikhatho chonse. Nakayange anayang'ana. Analiona, zala zokhakhala zija, chikhadabo chimene chinathyoka ndi mwala chaka chomanga nyumba. Anadikira kuti mwina lero, mwina chifukwa akuona, khungu lidzuka. Silinadzuke. Ndiye anatsitsa dzanja lake n'kuphimba la mwamuna wake, ndipo apo m'pamene anamva. Linali lozizira, dzuwa lonse lija.

Anakhala choncho, dzanja pamwamba pa dzanja. Nkhuku inalowa, inayang'ana, n'kutuluka. Kenako kumsewu njinga yamoto inaliza hutala.

"Ndimuuza apite," anatero Gilbert. "Ndigona kuno."

Nakayange anafuna. Mulungu akudziwa kuti anafuna, ndipo zala zake zinalimbitsa zokha. Koma anakumbuka bedi la chipatala, ndi mmene munthu amayang'anira kukhomo akamva nsapato za amuna pakhonde. Mayi wa ku Lufita uja sanabe kanthu, anatola chimene chinaoneka ngati chatayidwa. Ndipo mwana amene ankabwerayo sanalakwire munthu.

"Yayi," anatero. "Munachedwetsapo mkazi mmodzi chifukwa cha za kuno. Musachedwerenso wina. Madzi akatayika saoleka, awiske Uchizi."

Hutala inaliranso. Anali Nakayange amene anachotsa dzanja lija pamimba pake, ndi manja ake awiri, n'kulibwezera kwa mwini wake. Anamanga zitenje, anatuluka, anadula phava la nthochi, anathira ufa wa mawere m'kathumba kuti mayi akachira akamwe phala. Anasenza yekha mpaka kumsewu n'kuthandiza kumangirira kumbuyo kwa njinga. Gilbert anathokoza kuti ndagha, mawu osamveka bwino, ndipo njinga inanyamuka. Anaiyang'ana ikukhota m'phiri mpaka fumbi linatha. Mwana anabadwa sabata yomweyo, wamwamuna, ndipo Nakayange anatumiza chitenje chatsopano.

Zaka zapitapo tsopano. Khungu lija silinadzuke, ndipo iye analeka kulitsina. Khofi wake ndi mmodzi mwa osamalika bwino kumbali imeneyo, ana anakula, Uchizi anakwatiwa ku Karonga. Mikanda anaitunganso pa ulusi watsopano, ndipo amaivala pansi pa zitenje zake ziwiri. Gilbert amabwera nthawi yothyola khofi ndi pamaliro, amagona masiku angapo n'kubwerera ku Lufita kumene kuli ana aang'ono ofuna bambo. Akabwera, Nakayange sagonanso choyang'ana kukhoma.

Koma chizolowezi chimene anatengera tsiku lija sichisankha kuti mwamuna alipo kapena palibe. M'mawa uliwonse tambala akalira, asanaponde pansi, amatukula bulangete n'kuyang'ana pamimba pake. Kale ankatseka maso n'kumalira dzanja limene linali pomwepo. Masiku ano amayang'anitsitsa, kuwala kukamalowa pazenera, ndipo m'mawa wambiri pachaka amapeza kuti palibedi.